M'mera Mpoyamba: Tisamale Ubongo wa Mwana Asanabadwe

 Nkhani yathu lero ndi ya mwana amene sanabadwe, makamaka ubongo wake, ndi zinthu za poizoni zimene zimamupeza asanaone dzuwa. Zitsanzo zathu zambiri tizitenga mu mzinda wa Lilongwe, ku Area 3 ndi ku Old Town, koma zimene tikambe zikukhudza banja lililonse, la m'tauni ndi la kumudzi lomwe.

Pakati pa Achewa, mtsikana akatenga pathupi poyamba anamkungwi amamulangiza pa mwambo wa chisamba, ndipo mwamuna wake nayenso amauzidwa zoyenera kupewa. Apa makolo athu adaonapo zinthu ziwiri: kuti kulera mwana kumayamba ali m'mimba, ndi kuti ntchito imeneyi si ya mayi yekha. Madokotala a masiku ano akuvomereza zonse ziwiri. Koma tsono kudabwera adani ena amene anamkungwi akale sadawadziwe, pakuti adafika ndi galimoto, penti, mabatire ndi mafuta odzola a m'sitolo. Lero tikamba za atatu mwa iwo: mtovu, utsi ndi mekyule.

Mmene ubongo umaumbikira

Ubongo wa munthu umayamba kuumbika msanga zedi. Pomatha masiku 28 mayi ataima, kachubu kakang'ono kamene kadzasanduke ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana kamakhala katatsekeka kale. Nthawi imeneyo amayi ambiri amakhala asanazindikire n'komwe kuti ali ndi pakati. Kuchokera pamenepo tizigawo ting'onoting'ono ta ubongo, timene timatchedwa maselo, timachulukana mofulumira, kalikonse n'kupita pamalo pake kukalumikizana ndi tinzake. Ubongo wa munthu wamkulu uli ndi maselo otere pafupifupi 86 biliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amapangidwa mwiniwake ali m'mimba. Ntchito imeneyi ikufanana ndi kumanga nyumba ya njerwa. Mzere uliwonse uli ndi nthawi yake, ndipo mmisiri akapotoza mzere wa pansi sangabwerere kukauwongola denga litaikidwa.

Mwana wosabadwa amadya ndi kupuma kudzera mu nsengwa ndi mchombo. Kwa zaka zambiri madokotala ankaganiza kuti nsengwa ili ngati mpanda wolimba umene sulola choipa chilichonse kulowa. Maganizo amenewa adatha chifukwa cha zimene zidachitika ku Minamata, mzinda wa asodzi m'dziko la Japan. Fakitale ya kampani ya Chisso inkatayira m'nyanja madzi okhala ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chija chimene tinkachiona m'kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Poizoniyo adalowa mu nsomba, anthu n'kumadya. Matendawo adadziwika mu 1956, ndipo boma la Japan lidavomereza mu 1968 kuti gwero lake lidali fakitaleyo. Chimene chidadabwitsa madokotala n'chakuti amayi ena amene sankaoneka odwala, kapena ankangodwala pang'ono, adabereka ana opuwala ubongo, osatha kuyenda kapena kulankhula. Motero dziko lidaphunzira kuti poizoni amene thupi la mayi lingathe kumupirira angathe kuwononga mwana amene wamunyamula.

Mtovu, mdani wobisala m'mafupa

Mtovu ndi chitsulo chofewa, cholemera, chotuwa, chimene chili m'kati mwa batire la galimoto. Fumbi lake silinunkha ndipo silioneka. Likalowa m'thupi, kaya popuma kaya pomeza, thupi silitha kusiyanitsa bwino mtovu ndi kashiyamu, mchere umene umamanga mafupa. Chotero limautenga n'kukausunga m'mafupa ndi m'mano. Mwa munthu wamkulu, mtovu woposa magawo 90 pa 100 alionse umene uli m'thupi umakhala m'mafupa, ndipo ungakhale mmenemo zaka makumi angapo.

Apa mpamene pagona nkhani. Mayi akakhala ndi pakati, mwana amafuna kashiyamu wambiri womangira mafupa ake, makamaka m'miyezi yomaliza. Ngati chakudya sichikupereka wokwanira, thupi la mayi limatapa m'mafupa ake, ndipo mtovu wakale uja umatuluka limodzi ndi kashiyamuyo n'kuwoloka nsengwa. Akatswiri a ku Australia adatsimikiza zimenezi m'zaka za m'ma 1990 poyeza amayi amene adasamukira kumeneko kuchokera kum'mawa kwa Ulaya: mtovu umene adaumeza kwawo kale udayamba kuchuluka m'magazi mwawo atatenga pathupi. Kunena kwina, fumbi limene mtsikana adameza ali ku pulaimale lingathe kudzafika kwa mwana wake patapita zaka zambiri.

Nanga mtovu umatani ukafika? Umasokoneza kulumikizana kwa maselo a ubongo, pakuti nawonso amadalira kashiyamu potumizirana mauthenga. Mu 1987 madokotala a mu mzinda wa Boston ku America adalengeza zotsatira za kafukufuku wa makanda 249. Iwo adayeza magazi a mumchombo pa tsiku lobadwa, ndipo adawatsatira anawo kufikira zaka ziwiri. Ana amene adabadwa ndi mtovu wochulukirapo adatsalira pa mayeso a kakulidwe ka nzeru poyerekeza ndi anzawo. Tizindikirenso kuti ambiri mwa mabanja amenewa adali opeza bwino. Mtovu suyang'ana kuti m'nyumba muno muli ndalama kapena ayi.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene ungatchedwe wosavulaza. Mu 2021 lidalangiza kuti munthu akapezeka ndi mamaikulogalamu 5 m'desilita imodzi ya magazi, pafufuzidwe kumene mtovuwo ukuchokera. Desilita ndi pafupifupi theka la kapu ya tiyi, ndipo maikulogalamu ndi gawo limodzi la galamu yogawidwa ka 1 miliyoni. Mu 2020 mabungwe a UNICEF ndi Pure Earth adawerengera kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse pa dziko lapansi, kufikira ana 800 miliyoni, adafika kapena kupyola mlingo umenewu.

Kuopsa kwake n'kwakuti palibe chizindikiro. Mwana amabadwa, kulira, kuyamwa, agogo n'kululutira. Vuto limadzaoneka ku Sitandade 1 kapena 2: mwana wochedwa kugwira zilembo, woiwalaiwala, wosakhazikika m'kalasi. Sitikunena kuti mwana aliyense wovutika kusukulu ali ndi mtovu ayi. Malungo, kuperewera kwa chakudya ndi kusowa kwa ayodini nazo zimabwezera nzeru m'mbuyo. Koma gawo limene mtovu wachotsa silibwerera, monga madzi akatayika saoleka. Ndipo ukachuluka umathanso kukweza kuthamanga kwa magazi a mayi, kuchititsa mwana kubadwa masiku asanakwane, ngakhale kupititsa padera.

Amene akufuna umboni wapafupi ayang'ane kwa anansi athu ku Zambia. Mu mzinda wa Kabwe, umene kale unkatchedwa Broken Hill, mudali mgodi wa mtovu umene udayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndi kutsekedwa mu 1994. Mgodi udatsekedwa koma fumbi lidatsala m'nthaka, pakuti mtovu suwola. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2015 adayeza ana aang'ono a m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo onse adapezeka atapyola mlingo wa 5 uja, ambiri mwa iwo kutali zedi. Mu 2020 nkhaniyi idakafika ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a msinkhu wobereka a mu mzindawo. Ana amenewa adabadwa mgodi utatsekedwa kale.

Nanga kwathu kuno uli pati?

Ku Lilongwe kulibe mgodi wa mtovu, koma njira zoulowetsera pakhomo zilipo zingapo.

Yoyamba ndi ya kale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 makampani ankathira mtovu mu petulo, ndipo galimoto iliyonse inkaufwenthera mumsewu. Maiko a mu Africa a kummwera kwa chipululu cha Sahara, kuphatikizapo Malawi, adasiya petulo wotere pofika mu 2006, ndipo dziko lomaliza pa dziko lonse, la Algeria, lidamusiya mu 2021. Izi zikuonetsa kuti vutoli n'lotheka kulithetsa. Komabe dothi la m'mbali mwa misewu yodutsa galimoto zambiri limasunga mtovu kwa nthawi yaitali, ndipo m'chilimwe mphepo imaulutsira fumbi lake m'makonde ndi pa zakudya zosavundikira.

Yachiwiri ndi penti. Area 3 ndi amodzi mwa malo akale kwambiri mu mzindawu. Nyumba zina kumeneko zidamangidwa nthawi ya atsamunda, zina boma litasamutsira likulu ku Lilongwe mu 1975, ndipo zitseko, mafelemu a mawindo ndi zitsulo zake zidapakidwa penti wa mafuta kambirimbiri. M'zaka zimenezo penti wa mafuta m'maiko ambiri ankathiridwa mtovu kuti awale, aume msanga ndiponso ateteze dzimbiri. Penti wotere akakhala wosasupuka savulaza kwenikweni. Amavulaza akayamba kukanganuka, kapena mmisiri akamupala ndi sandipepala. Tsono taganizani banja limene likuyembekezera mwana, ndipo mwachikondi laitana mmisiri kuti apale zitseko ndi kukongoletsa chipinda cha khanda. Fumbi likudzaza nyumba, mayi wapakati akulipuma, ndipo wantchito wa m'nyumba, amene mwina nayenso ndi woyembekezera, ndiye akulisesa. Chimene achita pofuna kulandira bwino mwana chingathe kukhala chomwecho chomuvulaza.

Penti watsopano nayenso afunika kusamala naye. Kuyambira mu 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project lidayeza penti wa mafuta wogulitsidwa m'Malawi muno, ndipo woposa theka adapezeka ndi mtovu wopyola mlingo wovomerezeka pa dziko lonse, umene ndi magawo 90 pa 1 miliyoni. Mitundu yowala monga yachikasu ndi yofiira ndiyo kawirikawiri imakhala ndi wambiri. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lidachitapo kanthu, makampani ena adasintha kapangidwe kawo, ndipo kuyeza kwachiwiri mu 2023 kudaonetsa kuti penti wa mtovu adachepa, ngakhale sadatheretu.

Yachitatu ili m'manja mwa abambo. Mukawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kupita cha kumsika ndi ku msewu wa Malangalanga mupeza amisiri ambiri akhama: okonza mabatire, owotcherera zitsulo, okonza galimoto, opaka penti, ogula zitsulo zakale. Mtovu wambiri umene umagwiritsidwa ntchito pa dziko lapansi umathera m'mabatire, ndipo masiku ano mabatire otere afika ngakhale kumidzi chifukwa cha magetsi a dzuwa. Bambo amene waswa batire kapena kusungunula mtovu amaweruka ndi fumbi lake m'tsitsi, m'zikhadabo, mu nsapato ndi pa ovololo. Akafika kunyumba amakhala pamphasa, ndipo mawa lake mkazi wake ndiye amachapa ovololoyo ndi manja. Mayi amene sadapondeko ku galaja amalandira poizoni wa ku galaja.

Yachinayi ndi mapoto opangidwa posungunula zitsulo zakale. Ngati mwa zosungunulazo mwalowa zidutswa za injini kapena zina zokhala ndi mtovu, potoyo amautulutsira m'chakudya, makamaka chowawasa monga cha matimati ambiri, bwemba kapena chidede, chikaphikidwa nthawi yaitali kapena kugonamo. Akatswiri adapeza zimenezi ku Cameroon mu 2014, ndipo mu 2023 bungwe la Pure Earth litayeza katundu wa m'misika ya maiko 25 lidapeza mtovu wochuluka pafupifupi mu theka la ziwiya zachitsulo za kukhitchini.

Yachisanu ndi dothi limene amayi ena apakati amalilakalaka, la pachulu, la pakhoma kapena logula pamsika. Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Chilakolako chimenechi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi. Koma wogula sadziwa kumene dothilo lidakumbidwa, ndipo thupi loperewera ayironi limayamwa mtovu wambiri kuposa thupi lokhuta. Mayi wotere auze anamwino kusikelo kuti amuyeze magazi.

Utsi wa pamoto ndi mafuta oyeretsa khungu

Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Ngakhale m'mipanda ya ku Area 3 mbaula imayaka magetsi akazima, ndipo m'tinyumba ta antchito ta kuseri imayaka tsiku lililonse. Moto wa makala umatulutsa mpweya wopanda fungo wotchedwa kaboni monokisaidi, umene umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino kopitirira ka 200. Mayi akaupuma, mwana amaperewera mpweya womangira ubongo. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ena amalowetsa mbaula m'chipinda, kutseka mawindo, n'kugona. Mchitidwe umenewu umapha ndithu, ndipo ngakhale pamene supha, mwana wa m'mimba ndiye amayamba kuvutika.

Mu utsi mulinso timwaye tosaoneka timene timadutsa m'mapapo kulowa m'magazi. Mu 2009 akatswiri a pa yunivesite ya Columbia ku New York adapeza kuti ana a amayi amene adapuma mpweya wa utsi wambiri ali ndi pakati adatsalira ndi mapointi pafupifupi 4 pa mayeso a nzeru atakwanitsa zaka 5. Utsi woipitsitsa ndi wa zinyalala zosakaniza mapulasitiki, matayala ndi mabatire a tochi, zimene timazitentha kuseri kwa mpanda madzulo, komanso wa jumbo yokolezera mbaula. Utsi wa fodya wa bambo wosutira m'nyumba uli m'gulu lomweli. Kafukufuku wamkulu wa ku Chikwawa ndi ku Karonga, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2016, adaonetsa kuti kupatsa mabanja mbaula zamakono pakokha sikudachepetse chibayo mwa ana. Phunziro lake n'lakuti utsi uli ndi makomo ambiri, ndipo kutseka limodzi sikukwanira.

Mekyule uja wa ku Minamata amatipeza ife kudzera m'njira ina. Mafuta ndi sopo zina zoyeretsa khungu zimakhala ndi mekyule, ndipo kawirikawiri pa botolo salembapo. Amalowa kudzera pakhungu, amatsalira pa matawulo ndi zofunda, n'kufika kwa mwana wa m'mimba ndi woyamwa yemwe. Pangano la maiko lochepetsa mekyule, limene lidatchedwa dzina la Minamata, lidasainidwa mu 2013, ndipo mu 2023 maiko a m'panganolo adagwirizana zoletseratu zodzoladzola zonse zothiridwa mekyule. Koma botolo lolowa mozemba silidziwa pangano. Mekyule amagwiritsidwanso ntchito ndi ena okumba golide, ndipo nthunzi yake akamamuwotcha ndi yoopsa kwambiri kwa mayi wapakati.

Chimene tingachite

Choyamba, inu amayi, yambani sikelo mukangozindikira kuti mwaima, kaya ku chipatala cha Bwaila, chimene akuluakulu amachidziwa kuti Bottom, kaya ku chipatala chaching'ono cha kwanu. Imwani mapiritsi owonjezera magazi amene mumalandira. Uzani anamwino ntchito imene inu ndi amuna anu mumagwira.

Chachiwiri, chakudya ndi chishango. Usipa, matemba ndi bonya zodyedwa ndi minga yomwe zili ndi kashiyamu wambiri, chimodzimodzi mkaka ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi chisoso. Ku Mexico City amayi apakati amene ankapatsidwa kashiyamu tsiku lililonse adapezeka ndi mtovu wocheperapo m'magazi kuposa anzawo. Nkhani ya Minamata isakuopsezeni kudya nsomba. Tinsomba ting'onoting'ono timasunga mekyule wochepa, ndipo timamanga ubongo wa mwana. Khanda likabadwa liyamwitseni.

Chachitatu, inu abambo a ntchito za mabatire, penti ndi zitsulo, sambani ndi sopo ndi kusintha zovala musanalowe m'nyumba. Nsapato za kuntchito zitsale panja. Ovololo muchape nokha, padera. Batire lakutha musaliswere pakhomo, ndipo ana asaseweretse. Kupopera mankhwala m'munda ndi kuthira mankhwala m'chimanga ikhalenso ntchito yanu, osati ya mayi wapakati.

Chachinayi, kukonza nyumba yakale kudikire, kapena mayi ndi ana ayambe achoka mpaka ntchito itatha ndi nyumba itakolopedwa. Penti wakale asapalidwe wouma ndipo asawotchedwe; mmisiri anyowetse kaye. Pogula funsani penti wopanda mtovu, ndipo m'kati mwa nyumba penti wosungunula ndi madzi ndiye wabwino. Kolopani m'malo mosesa pouma. Kumudzi wazani madzi musanasese, ndipo zirani pansi kawirikawiri.

Chachisanu, phikirani panja kapena pamalo popita mphepo, ndi nkhuni zouma. Mbaula isagone m'chipinda. Apongozi, alamu ndi ana okulirapo alandireko mayi wapakati ntchito ya pamoto. Inu olemba antchito, wantchito wanu akakhala woyembekezera musamutume kutentha zinyalala kapena kusesa fumbi la penti.

Pali zina zimene banja palokha silingathe. Mayi sangaone mtovu m'chitini cha penti ndi maso. Imeneyo ndi ntchito ya Malawi Bureau of Standards. Kuchotsa zinyalala kuti anthu asazitenthe ndi ntchito ya makhonsolo, ndipo kuyang'anira katayidwe ka zinthu zoopsa monga mabatire akutha ndi udindo wa Malawi Environment Protection Authority. Mafumu, makhansala ndi aphungu ayenera kumva kuchokera kwa ife kuti zimenezi tikuzifuna.

Kwa mayi amene akumvera ali kale ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo wakhala akupuma utsi masiku onsewa, mau athu ndi akuti musataye mtima. Ubongo umapitiriza kukula mwamphamvu mwana atabadwa, makamaka m'zaka ziwiri zoyambirira. Tsiku lililonse limene mwachepetsa fumbi ndi utsi ndi phindu kwa iye, ndipo chakudya chabwino, kumulankhula, kumuimbira ndi kusewera naye zimamanga nzeru zake.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mlimi wa fodya amatchingira nazale yake ndi udzu, kuithirira m'mawa ndi madzulo, chifukwa amadziwa kuti mbande yopserera pa bedi sidzapereka tsamba labwino m'munda. Ana amene adzaphunzitse, kuchiritsa ndi kulamulira dziko lino zaka 30 zikubwerazi, ena mwa iwo ali m'mimba lero. Tiyeni tiwatchingire.